Berger Kapena a Berger?

Chichewa sichilola munthu kutchula dzina la mnzake popanda kuulula zomwe zili kumtima kwake. Ukalemba kuti "a Uje afika ndi ana awo" ndiye kuti wawapindira bondo. Ukalemba kuti "Uje wafika ndi ana ake" ndiye kuti Ujeyo ndi mnzako wosewera naye, kapena ndi mwana, kapenanso ndi munthu amene ulemu unamuthera. Tonse tamvapo pawailesi momwe bambo amene dzulo anali "a Uje" amasandukira "Uje" tsiku limene apolisi amugwira ndi mbuzi ya eni ake. Khoti silinagamule, koma ka "a" kachoka kale. Wolemba m'Chingerezi akhoza kumaliza buku lonse la mbiri ya munthu osaonetsa mbali yake. Ife tikangofika pa mawu akuti "wake" kapena "wawo" timakhala tagwidwa.

Vuto limeneli ndinakumana nalo pamene ndinkafuna kulemba za Hans Berger, dokotala wa ku Germany amene anali woyamba kujambula papepala mphamvu ya magetsi yochokera muubongo wa munthu wamoyo. Njira yakeyo ndi imene lero achipatala amaitchula mwachidule kuti EEG, ndipo yathandiza kwambiri pomvetsa matenda a khunyu. Ndinayamba kuwerenga za iye ndili ndi "a Berger" m'mutu. Pomaliza kuwerengako ka "a" kanali katagwera panjira. M'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, komanso kutsutsana ndi anzanga amene amati zimene wasayansi anachita kunja kwa chipinda chake chofufuzira si nkhani yathu.

Ndiyambe ndavomera kuti nkhani ya khunyu sindiiwerenga ngati mlendo. Ndili Sitandade 5 tinali ndi mnzathu m'kalasi amene ankagwa. Akangoyamba kuphiriphitha, thovu lili kukamwa, tonse tinkathamangira kunja, chifukwa tinkauzana kuti malovu ake akakukhudza, kapena akatulutsa mpweya iwe uli pafupi, nawenso uyamba kugwa. Ankatsala yekha pasimenti, mutu ukumenya mwendo wa desiki. Dzina lake sitinkalitchula kawirikawiri. Anali "wakhunyu uja". Sanafike nafe Sitandade 7. Tsono nditamva koyamba kuti kuli makina oonetsa kuti chimene chinkamugwetsa chinali namondwe wa magetsi m'mutu mwake, osati chiwanda kapena kachilombo ka m'malovu, ndinaganiza kuti amene anayambitsa makinawo ayenera kukhala bwenzi lalikulu la anthu onga mnzanga uja.

Berger anabadwa mu 1873 pafupi ndi tauni ya Coburg. Chimene chinamukankhira ku ubongo n'chodabwitsa. Ali mnyamata ku usilikali, kavalo wake anamugwetsa kutsogolo kwa ngolo yokoka mzinga, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Tsiku lomwelo analandira telegalamu yochokera kwa bambo ake yofunsa za moyo wake, chifukwa mlongo wake, amene anali kutali kwambiri, anangogwidwa ndi mantha akuti china chamuchitikira. Berger anakhulupirira kuti mantha ake anaulukira m'mutu mwa mlongo wakeyo. Anaphunzira udokotala ku Jena, anamaliza mu 1897, n'kuyamba ntchito pachipatala cha matenda a maganizo cha yunivesite ya kumeneko, chimene anadzakhala mkulu wake mu 1919. Zaka zonsezi ankasakasaka chinthu chimodzi: mphamvu yeniyeni, yoti n'kuyezedwa, imene imanyamula maganizo a munthu. Anayeza kayendedwe ka magazi muubongo, anayeza kutentha kwake, koma osapeza chogwirika. Kwathu kuno munthu wonena kuti mlongo wake anamva ngozi yake ali kutali sitingamudabwe. Koma kwa madokotala anzake zimenezi zinali zoti munthu asazitchule pagulu, ndipo kwa zaka zambiri iye sankazitchuladi.

Zoti ubongo umatulutsa magetsi zinkadziwika kale pa nyama. Richard Caton wa ku Liverpool anazionetsa pa akalulu ndi anyani mu 1875. Chovuta chinali kuzipeza pa munthu, chifukwa mphamvuyo ikamadutsa chigaza ndi khungu imakhala yochepa zedi, moti batire limodzi la tochi limaiposa maulendo masauzande ambirimbiri. Pa 6 July 1924 Berger anakwanitsa kuona kugwedezeka koyamba kwa chida chake pa mnyamata wa zaka 17 amene anachitidwa opaleshoni ya m'mutu. Munthu wina akanathamangira kukauza dziko mawa lake lomwe. Iye anakhala chete zaka zisanu. Ankaopa kuti mwina akujambula kugunda kwa mtima, kunjenjemera kwa minofu, kapena phokoso la chida chenichenicho. Anabwereza ntchitoyo madzulo ambirimbiri, pa odwala, pa mwana wake wamwamuna, ngakhale pamutu pake pomwe. Anasindikiza zimene anapeza mu 1929, ndipo pofika 1938 anali atalemba malipoti 14 pa mutu umodzimodziwo.

Chimene anaona n'chosavuta kufotokoza. Munthu akakhala phee, maso atatseka koma ali maso, mzere wa papepala umakwera ndi kutsika mwadongosolo pafupifupi kakhumi pa sekondi imodzi. Mafunde amenewa anawatchula kuti alpha. Munthuyo akatsegula maso, kapena ukamupatsa samu yoti awerengere m'mutu, mafundewo amazimirira ndipo pamabwera ena ang'onoang'ono othamanga, amene anawatchula kuti beta. Kwa nthawi yoyamba munthu anatha kuona kunja kuti mnzake wayamba kuganiza mkati.

Ife a zinenero pali kanthu kena kotisangalatsa pa iye. Wofufuza wina amene anayesa zomwezi pa agalu zaka zingapo m'mbuyomo anali atapeka kale dzina, koma dzinalo linali losakaniza Chigiriki ndi Chilatini. Berger sanalifune. Kwa iye kuphatikiza zinenero ziwiri m'liwu limodzi kunali kuipitsa liwulo, choncho anapanga lake la Chigiriki chokhachokha, Elektrenkephalogramm, kutanthauza cholembedwa cha magetsi a chimene chili m'mutu. Anali munthu wosamala mawu mpaka pamenepo. Mfundo imeneyi muisunge, ndidzabwererako.

Poyamba anthu sanamukhulupirire. Anali dokotala wa amisala wa m'tauni yaing'ono, wosadziwa bwino za magetsi, ndipo akatswiri ankaona kuti ubongo wokhala ndi maselo ochuluka chotero sungaimbe nyimbo imodzi yadongosolo. Zinthu zinasintha mu 1934 pamene Edgar Adrian wa ku Cambridge, amene anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1932, anabwereza ntchitoyo pamodzi ndi Bryan Matthews n'kupeza kuti Berger ankanena zoona. Chaka chotsatira, mu 1935, Frederic Gibbs, Hallowell Davis ndi William Lennox a ku Boston anaonetsa chithunzi cha mtundu wina wa khunyu umene umagwira kwambiri ana. Mwana wotere sagwa pansi ayi. Amangoti kakasi kwa masekondi ochepa, maso ali tong'oo, kenaka n'kupitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika. Aphunzitsi amamuyesa wopusa kapena wamwano. Koma papepala la EEG nthawi yomweyo pamaoneka kamnga kosongoka kotsatana ndi funde lalikulu, katatu pa sekondi iliyonse, ndipo mwana akatsitsimuka mzere umabwerera mwakale. Dokotala wa ku London, John Hughlings Jackson, anali atanena kale m'zaka za m'ma 1870 kuti khunyu ndi kuphulika kwadzidzidzi kwa mphamvu m'maselo a ubongo, koma ankanena mongoganizira kuchokera pa zimene ankaona pa odwala. Tsopano umboni unali papepala, woti aliyense n'kuuloza ndi chala.

Kuchokera pamenepo njirayi inafalikira. Ku Montreal, Herbert Jasper ndi Wilder Penfield ankaigwiritsa ntchito pofufuza malo enieni muubongo amene kugwa kumayambira, kuti ngati n'kotheka achotsepo mbali yowonongekayo. Lero timawaya ta EEG timamatidwa pamitu ya makanda obadwa movutikira ndi ya anthu okomoka amene sangathe kunena chimene akumva. Tinafika ngakhale ku Blantyre, kumene ofufuza za malungo a muubongo pachipatala cha Queen Elizabeth akhala akuyeza nato ana okomoka, chifukwa mwana akhoza kukhala akugwidwa ndi khunyu mkati thupi lili zii. Kafukufuku amene a Gretchen Birbeck ndi anzawo anasindikiza mu 2010 anatsatira ana 132 amene anachira malungo a muubongo kumeneko, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba kudwala khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekezera nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Choncho pamene ndikunena za ntchito ya Berger sindikunena za chinthu cha kutali chosatikhudza. Ngongole ilipo, ndipo sindikufuna kuikana.

Tsopano tione momwe mbiri ya zaka zake zomaliza inkafotokozedwera kwa nthawi yaitali. Mabuku ambiri ankati chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, Berger sankagwirizana nacho. Ankati ananyozedwa, anapumitsidwa ntchito mokakamiza mu 1938, chipinda chake chofufuzira chinatsekedwa, ndipo chifukwa cha chisoni anadzimangirira pa 1 June 1941. Tayang'anani aneni a m'chiganizo chimenechi: ananyozedwa, anapumitsidwa, chinatsekedwa. Onse ali mu msintho wochitidwa. Berger wa m'nkhani imeneyi sachita kanthu, amangochitidwa. Mneni yekhayo amene iye ndi wochita ndi wa kudzipha. Tonse tikudziwa ntchito ya kalankhulidwe kotere, chifukwa tinayamba kukagwiritsa ntchito tili ana: palibe mwana amene amati "ndaswa mbale", onse amati "mbale yasweka". Mbiri yolembedwa chotere imakoma kuwerenga, ndipo inkathandiza aliyense. Madokotala a ubongo ankafuna tate woyera m'manja, ndipo dziko la Germany nkhondo itatha linkafuna mayina a anthu amene sanadetsedwe.

Koma mlandu suola. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Susanne Zimmermann, katswiri wa mbiri ya zachipatala ku Jena komweko, anafufuza m'mapepala akale a yunivesite ndi a boma. Mu 2014 a Lawrence Zeidman ndi anzawo awiri anasindikiza zina zowonjezera. Zimene zinatuluka zinatembenuza aneni aja. Mu 1938 Berger anali ndi zaka 65, msinkhu wopumira ntchito. Iye anatenga nawo mbali posankha womulowa m'malo, Berthold Kihn, munthu wa chipani cha Nazi amene pambuyo pake anali mmodzi mwa madokotala osankha odwala oti aphedwe. Berger sanagule khadi la chipani, n'zoona, koma ankapereka ndalama zothandizira gulu la SS. Ndipo chachikulu pa zonse, ankakhala nawo pa khoti la apilo loona milandu ya anthu olamulidwa kuti atsekedwe mokakamiza kuti asabereke.

Apa ndiyenera kufotokoza za khoti limeneli, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Pa 14 July 1933 boma la Hitler linakhazikitsa lamulo loti anthu odwala matenda amene boma linkati ndi akumtundu azichitidwa opaleshoni yowatseka, afune asafune. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu January 1934. Linatchula matenda ake mmodzimmodzi: kufooka kwa nzeru kobadwa nako, mitundu ina ya misala, khungu ndi kugontha kwa kumtundu, kulumala kwakukulu, uchidakwa wopitirira. Pamndandanda womwewo panali erbliche Fallsucht. Liwu lachiwirilo likufanana ndendende ndi lathu lakuti "matenda akugwa". Loyambalo likutanthauza "akumtundu". Mlandu uliwonse unkaweruzidwa ndi anthu atatu, woweruza mmodzi ndi madokotala awiri. Pofika kutha kwa ulamuliro wa Nazi anthu pafupifupi 400,000 anali atatsekedwa. Munthu amene sanakhutire ndi chigamulo ankatha kuchita apilo ku khoti lalikulu, ndipo kumeneko ndi kumene Berger ankakhala.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi. Ku khoti la apilo sikufika nkhani za anthu ovomera. Kumafika makamaka za anthu amene anena kuti ayi: mtsikana amene akufuna kudzakhala mayi, bambo amene akukana kuti mwana wake ndi wowonongeka, banja limene latolera mphamvu zake zonse kuti litsutse boma loopsa. Anthu amenewa ankayembekezera kuti pakati pa oweruza pali dokotala wamkulu, pulofesa wodziwa ubongo kuposa wina aliyense m'dzikomo, amene angawamvetse. Ndipo m'zaka zomwezo, pamene mapepala awo ankafika patebulo pake, madzulo iye ankapita kukamata timawaya pamitu ya odwala ena n'kumalemba malipoti amene tikuwatamanda lero. Sanali anthu awiri. Dzanja limene linkalemba za alpha ndi lomwe linkasaina zigamulo.

Liwu lakuti "akumtundu" ndi limene linkanyamula mpeni. Lamulo silinkati aliyense wogwa atsekedwe; linkati amene kugwa kwake n'kwakumtundu. Nanga ankadziwa bwanji? Kawirikawiri dokotala akalephera kupeza chipsera, chotupa kapena chifukwa china chooneka, ankangoti basi ndi zakumtundu. Kusadziwa kwa dokotala kunkasanduka mlandu wa wodwala ndi wa makolo ake. Lero tikudziwa kuti khunyu lili ndi magwero ambiri: kuvulala pobadwa, ngozi ya m'mutu, matenda oumitsa khosi, malungo a muubongo, mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, sitiroko, ndipo mbali ina ndi yochokeradi m'magazi. Ana 12 a ku Blantyre aja sanatengere kwa agogo awo. Anatengera kwa udzudzu. Nafenso liwu limeneli tisalione ngati la Ajeremani okha. Ndani mwa ife sanamvepo chitomero chikutha chifukwa azakhali anong'oneza kuti "kubanja kumeneko amagwa, n'zakumtundu"? Kusiyana kwake n'kwakuti azakhali alibe khoti, apolisi ndi chipinda cha opaleshoni.

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhani ya dzina la Chigiriki. Ndivomere kuti ndinakopeka kulemba kuti munthu wodana ndi kusakaniza zinenero m'liwu limodzi n'zosadabwitsa kuti anadzagwirizana ndi anthu odana ndi kusakaniza magazi. Chiganizo chotere chikanawala bwino papepala, koma n'chabodza. Aphunzitsi athu ambiri amatidula malikisi tikalemba "ndinapanga decide", ndipo palibe mmodzi wa iwo amene angatseke munthu. Chimene nkhani ya dzinalo ikuonetsa ndi china: Berger sanali munthu wosaina zinthu mwachisawawa. Amene anadikira zaka zisanu asanakhulupirire mzere wa papepala, amene anakana liwu chifukwa cha tsinde lake, sitinganene kuti liwu lakuti erblich linangomudutsa osaliona. Kukayika kumene anali nako pa chida chake sanakubweretse ku khoti. Pa galvanomita ankafuna umboni wobwerezabwereza. Pa chiberekero cha mwana wa eni ake mapepala a boma anamukwanira.

Anzanga amene ndakambirana nawo nkhaniyi amanditsutsa m'njira zingapo, ndipo zina mwa mfundo zawo n'zolemera. Ena amati nthawi imeneyo maganizo oti anthu ena asabereke sanali a Nazi okha. Akunena zoona. Mayiko ngati United States ndi Sweden anali ndi malamulo otseka anthu mokakamiza, ndipo William Lennox yemwe uja wa ku Boston, amene anathera moyo wake pothandiza odwala khunyu, analembapo zogwirizana ndi maganizo otere. Koma kuchuluka kwa olakwa sikuchepetsa ululu wa wolakwiridwa. Kumangotiuza kuti dzina la Berger si lokhalo loyenera kuunikidwanso. Ena amati ankaopa, ndipo ndani wa ife angalumbire kuti akanalimba mtima pamaso pa Hitler? Ine sindingalumbire. Makolo athu amene anakhala mu ulamuliro wa chipani chimodzi amadziwa bwino momwe munthu wabwinobwino amagulira khadi kuti angolowa mumsika. Koma kugula khadi kuti upulumutse khosi lako ndi kwina, kukhala pampando woweruza thupi la mnzako ndi kwinanso. Ndipo ngakhale titamumvera chisoni chifukwa cha mantha, chisoni si chifukwa chomulembera mbiri yabodza yomusandutsa wozunzidwa.

Wozunzidwa weniweni analipo, ndipo ndi wa m'nkhani yomweyi ya khunyu. Mu 1912 dokotala wachinyamata wa ku Freiburg, Alfred Hauptmann, anapatsa odwala ake mankhwala atsopano ogonetsa, ndipo anazindikira kuti kugwa kwawo kwachepa. Mankhwalawo ndi phenobarbitone, amene mpaka lero ndi amodzi mwa otsika mtengo kwambiri ndipo ndi amene odwala khunyu ambiri a m'mayiko osauka, kuphatikizapo kwathu kuno, amalandira kuchipatala. Hauptmann anadzakhala pulofesa ku Halle. Chifukwa chakuti anali wa mtundu wa Chiyuda anachotsedwa pampando wake mu 1935, anatsekeredwa ku Dachau mu 1938, ndipo atatuluka anathawira ku United States kumene anamwalira mu 1948. Aneni onse aja a msintho wochitidwa, anachotsedwa, anatsekeredwa, ndi ake a Hauptmann. Kuwapereka kwa Berger ndi kubera munthu amene analandidwa kale zonse.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya onditsutsa ndi yakuti sayansi ilibe fungo la mwini wake. Mafunde a alpha amakwera kakhumi pa sekondi kaya anawapeza woyera mtima kapena chigawenga. Mwana wokomoka ku Blantyre safunika kudziwa za Jena kuti timawaya timuthandize. Izi ndikuvomera ndi mtima wonse, ndipo sindikunena kuti makina a EEG atayidwe kapena kuti dzina la Berger lifufutidwe m'mabuku. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo pano mkhatewo ndi wamtengo wapatali. Bungwe la World Health Organization limati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni odwala khunyu, ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo mpaka 70 mwa 100 aliwonse akhoza kusiya kugwa atapimidwa bwino n'kulandira mankhwala oyenera. Palibe wanzeru amene angaswe mkhate wotere. Koma mwambiwo sunena kuti khosweyo tizimutchula kuti mphaka. Kugwiritsa ntchito zimene munthu anapeza ndi nkhani ya sayansi; kumutchula kuti tate, kupachika chithunzi chake, kuuza ophunzira kuti atengere chitsanzo chake, imeneyo si sayansi ayi. Ndi nkhani yosimba, ndipo nkhani zosimba ndi ntchito yathu ife a zinenero ndi zolembalemba.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mnzanga wina wa ku sayansi amene anandiuza kuti ndisiye za ubongo kwa eni ake. Eni ake anafufuza mafunde mosamala kwambiri, koma nthano ya Berger wozunzidwa anaibwereza kwa zaka zoposa makumi asanu, buku kutengera buku linzake, popanda wofunsa kuti kodi "anapumitsidwa" ndi yani, ndipo chikalata chake chili kuti. Linali funso la galamala lisanakhale funso la mbiri. Ife timaphunzitsidwa chaka choyamba chomwe kuti chiganizo chikabisa wochita, ufunse chifukwa chake. Timaphunzitsidwanso kuona amene nkhani yamusiya kunja. M'mbiri ya EEG timamva za kavalo, za telegalamu, za mlongo, za Adrian ataima pamaso pa akatswiri anzake mafunde a m'mutu mwake akulembedwa. Za anthu amene apilo yawo inadutsa m'manja mwa Berger sitimva. Iwo ali ngati mnzanga wa Sitandade 5 uja: ali ndi dzina la matenda, alibe lawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandivutabe. Berger anafa imfa yomvetsa chisoni, atadwala matenda a maganizo amene iye mwini anakhala akuchiza ena moyo wake wonse, ndipo anadzimangirira m'chipatala cha yunivesite yomwe anaitumikira zaka zoposa makumi anayi. Nthawi imeneyo boma limene ankalithandiza linali litayamba kale kupha odwala a m'zipatala za amisala ndi mpweya wa poizoni. Pofika August 1941 linali litapha oposa 70,000, ndipo odwala khunyu anali m'gulumo. Ndikamaganiza za nkhalamba imeneyo m'masiku ake omaliza, mtima umafuna kuibwezera ka "a" kaja, chifukwa kwathu maliro sitiwanena zoipa ndipo wamkulu ndi wamkulu basi. Mwambo umenewu ndi wabwino pa siwa. Koma chimangirizo si siwa, ndipo anthu amene anatsekedwa aja nawonso anakalamba n'kufa, ambiri opanda mwana wowalira.

Nditapereka zolemba zanga zoyamba, aphunzitsi anga anazungulira dzinalo ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti "Ulemu?" Ndinapita ku ofesi kwawo kukafotokoza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa chifukwa chimene Hauptmann, amene ndikumuikira kumbuyo, nayenso ndamulemba wopanda "a", pamodzi ndi Caton, Adrian ndi Jackson. Ndinayankha kuti amenewo ndawalemba monga timalembera anthu a m'mbiri yakale, amene dzina lawo lokha limakwanira. Iwo anaseka n'kunena kuti ndiye kuti owerenga sadzatha kusiyanitsa amene ndamumana ulemu ndi amene ndangomulemba mwachizolowezi, pokhapokha nditanena poyera zimene aliyense anachita. Anandibwezera pepalalo kuti ndikalembenso ndime ya khoti ija, ndipo anati mneni aliyense m'ndimemo akhale ndi mwini wake.